Kodi Wachitatu Ndani M'banja?

Pali mawu amene ankhoswe amakonda kunena polangiza anthu amene angolowa kumene m'banja. Iwo amati banja ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule. Mawuwa ndi anzeru pamene mnyamata ndi mtsikana akuyamba moyo watsopano ali awiriwiri, chifukwa amawachenjeza za anthu amiseche ndi achibale olowerera nkhani za m'nyumba ya eni. Komabe si mabanja onse amene amayamba ndi anthu awiri. Alipo ambiri amene pa tsiku la ukwati lomwelo amakhala ali ndi anthu atatu kale, popeza mmodzi mwa okwatiranawo ali ndi mwana wa m'banja lake loyamba, kapena amene adabereka asanalowe m'banja. Nkhaniyi imakula kwambiri pamene winayo akusiya dziko lake, abale ake ndi chiyankhulo chake kuti akakhale kwa mnzakeyo kunja. Pamenepo funso limabuka: kodi m'nyumba yotereyi wachitatu ndani? Nanga munthu amene wawoloka malire chifukwa cha chikondi ali ndi udindo wotani pa mwana amene sadabereke yekha?

Funsoli si lachilendo m'boma la Karonga. Bomali lili kumpoto kwenikweni kwa dziko la Malawi, ndipo munthu akachoka pa Karonga Boma n'kutsata msewu wa M1 kulowera kumpoto, amafika pa mtsinje wa Songwe asanayende makilomita 50. Kutsidya kwa mlatho kuli Kasumulu, ndipo kupitirira apo kuli Kyela, Tukuyu ndi Mbeya m'dziko la Tanzania. Mtsinjewu udasanduka malire chifukwa cha pangano limene Britain ndi Germany adachita mu 1890, koma anthu a mbali ziwirizi adali pachibale kalekale azungu asanajambule mapu awo. Ankhonde, amene mfumu yawo yaikulu ndi Kyungu, amamvana chiyankhulo ndi Anyakyusa a kutsidya. Onse amaweta ng'ombe, amalima mpunga ndi nthochi, ndipo miyambo yawo ya ukwati ndi yofanana m'zambiri. M'zaka za m'ma 1930 amuna ambiri a kumpoto kwa Nyasaland ankapita kukagwira ntchito ku migodi ya golide ya ku Lupa, kufupi ndi Mbeya. Lero amalonda amawoloka mlatho wa Songwe tsiku ndi tsiku. Kumene anthu amakumana chotere, maukwati sangalephere kuchitika.

Ngakhale zili choncho, kutsidya ndi kunja ndithu. Ndalama ya kumeneko ndi shilingi, osati kwacha. M'sukulu zapulayimale zaboma ana amaphunzira m'Chiswahili. Malamulo a ukwati, a malo ndi a chuma chamasiye ndi ena. Munthu akhoza kuona utsi wa kumudzi kwawo ali kutsidya, koma pamaso pa lamulo ndi mlendo.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, nachi chitsanzo chongoyerekeza. Mtsikana wa ku Kaporo amagulitsa mpunga pa Songwe. Kumeneko wadziwana ndi bambo wa ku Kyela amene mkazi wake adamwalira zaka ziwiri zapitazo, n'kumusiyira mwana wamkazi wa zaka 7. Awiriwa akondana, akuluakulu a mbali zonse akambirana, ng'ombe zamalowolo zaperekedwa, ndipo mtsikanayo watengedwa kupita kwa mwamuna wake. Pofika pakhomo wapeza kamtsikana kataima pafupi ndi chitseko, kakumuyang'ana osanena kanthu. Kuyambira tsiku limenelo anthu awiriwa, amene sadasankhane, ayenera kudya m'nyumba imodzi, kutunga pa chitsime chimodzi ndi kugawana mtima wa munthu mmodzi.

Choyamba, nkoyenera kuvomereza kuti mkaziyu wataya zambiri. Wasiya mayi ake amene akadathamangirako zinthu zikavuta. Ankhoswe ake ali kutsidya kwa malire, kotero kuti mkangano waung'ono umene ukadatha madzulo amodzi ukhoza kukula asanamve. Pamsika ndi kuchipatala ayenera kuyankhula Chiswahili chimene mwina amangochidziwa pang'ono. Ngakhale nkhani ya unzika ndi yolemera. Mu 2018 Nyumba ya Malamulo ya Malawi idavomereza kuti Mmalawi akhoza kukhala nzika ya maiko awiri, koma Tanzania salola zimenezi kwa anthu akuluakulu. Choncho mkaziyu akafuna kukhala nzika ya dziko la mwamuna wake, ayenera kusiya unzika wa dziko limene adabadwira. Akapanda kutero, akhala ndi chilolezo cha mlendo. Munthu amene wapereka zonsezi amayembekezera kulandiridwa ndi manja awiri, ndipo sakulakwa poyembekezera motero.

Koma nayenso mwana wataya zambiri, ndipo kutaya kwake n'kosiyana ndi kwa mkaziyo pa chinthu chimodzi chachikulu: iye sadafunsidwe. Mayi ake adamwalira iye osafuna. Bambo ake, amene adali ake yekha kwa zaka ziwiri, tsopano akuseka ndi munthu wina. Mapoto a mayi ake akugwiridwa ndi manja achilendo, ndipo nsima ikukoma mosiyana ndi kale. Mkazi wa ku Kaporo adali ndi mwayi wolingalira, wofunsa abale ake, wovomera kapena wokana. Mwanayo adangodzuka tsiku lina n'kupeza kuti moyo wake wasintha. Wina wasanduka mlendo m'dziko la eni mwa kufuna kwake. Wina wasanduka ngati mlendo m'nyumba ya bambo ake popanda kusuntha phazi.

Chichewa chenichenicho chimayankha funso la wachitatu. Mwana wotere amatchedwa mwana womupeza. Munthu amapeza chinthu chimene chidalipo kale iye asanafike. Motero mawuwa akuchitira umboni kuti mwanayo ndiye adayamba kukhala pakhomopo, ndipo amene wabwera pambuyo ndi wamkuluyo. Ngati pali wachitatu m'nyumbamo, si mwana ayi. Izi sizitanthauza kuti mkazi wobwerayo ndi kapasule. Zikungotanthauza kuti iye walowa m'banja limene lidayamba kale, ndipo sangayembekezere kuti mwini nyumba wamng'onoyo ndiye apatuke kuti iye apeze malo.

Mwambo nawo uli ndi mawu ake pa nkhaniyi. Godfrey Wilson ndi mkazi wake Monica, amene adachita kafukufuku pakati pa Anyakyusa ndi Ankhonde m'zaka za m'ma 1930, adafotokoza kuti ng'ombe zamalowolo ndizo zimakhazikitsa ana ku mtundu wa bambo. Kotero mwana amene mkazi wotengedwa wamupeza ndi mwini mudzi, pamene mkaziyo ndi wobwera. Izi zikusiyana ndi chikamwini cha Achewa ndi Amang'anja, kumene mwamuna ndiye amapita kwa mkazi, ndipo mwana amene wamupeza ali m'manja mwa amalume ake, eni mbumba. M'miyambo iwiri yonseyi mwana womupeza ali ndi eni ake, ndipo pamenepa ndi pamene pamayambira mayesero. Wobwerayo amadzifunsa mumtima kuti, "Ndivutikirenji ndi mwana amene mawa adzatchedwa wa anthu ena?" Ndipo mkazi akabereka ana akeake, mantha ena amabwera: kuti mwana woyambayo, makamaka akakhala wamwamuna, ndiye adzatenge ng'ombe ndi munda wa mpunga, ana ake n'kutsala manja ali m'khosi m'dziko limene iye alibe mbale. Nkhanza zambiri zimene ana opezedwa amakumana nazo zimabadwa m'mantha otere, osati m'mtima woipa wokha. N'chifukwa chake nthano za mitundu yambiri, kuyambira za mwana wamasiye zimene agogo amasimba pamoto mpaka ya Cinderella ya ku Ulaya, zili ndi mayi womupeza wankhanza.

Ena amanena kuti wobwerayo alibe ngongole kwa mwana. Amati iye adalonjeza kwa mwamuna wake, osati kwa mwana, ndipo mwana ali ndi bambo ake, azakhali ake ndi agogo ake oti amusamale. Maganizowa amaoneka ngati olunjika, koma ali ndi chilema. Munthu sakwatiwa ndi theka la munthu. Bambo wa ku Kyela uja ndi kholo usana ndi usiku, ndipo ukholo wake sungavulidwe ngati malaya pa tsiku la ukwati. Amene wamuvomera akudziwa kuti ali ndi mwana, wavomera zonse ziwiri. Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Komanso m'nyumba mulibe malo oima pakati. Amene akupakula nsima ndiye amaona mbale imene yachepa. Amene ali pakhomo masana ndiye amamva mwana akamabuula ndi malungo. Kunena kuti "si wanga" pa nthawi yotero si kungokhala chete, koma ndi kusankha kuti mwanayo avutike.

Ena amabwera ndi mfundo yamphamvu kuposa imeneyi. Iwo amati chikondi sichilamulidwa. Mayi amakonda mwana wake chifukwa adamunyamula m'mimba miyezi isanu ndi inayi, ndipo n'kupanda chilungamo kuuza mkazi wina kuti amve chimodzimodzi pa mwana amene wamuona koyamba ali ndi zaka 7. Mfundoyi ndi yoona, ndipo kuikana n'kudzinamiza. Palibe mfumu, m'busa kapena woweruza amene angalamule mtima kuti ukonde. Koma pali kusiyana pakati pa chikondi ndi chilungamo. Chikondi chimamera pa nthawi yake, ndipo nthawi zina sichimera n'komwe. Chilungamo chili m'manja mwa munthu kuyambira tsiku loyamba. Mkazi sangadzikakamize kuti mtima wake udumphe akaona mwana womupeza, koma angathe kuonetsetsa kuti ndiwo zagawidwa mofanana, kuti bulangete la mwanayo si lakutha kuposa la ana ena, kuti sakutumidwa kukaweta ng'ombe kapena kukaingitsa mbalame m'munda wa mpunga pamene anzake ali m'kalasi, ndiponso kuti akalakwa alangidwe monga momwe mwana wobereka yekha akadalangidwira. Zimenezi n'zotheka kwa aliyense, ndipo popeza n'zotheka, ndi udindo.

Malamulo a masiku ano nawo adatsata njira yomweyi. Salamula chikondi, koma amaletsa tsankho. Gawo 23 la Malamulo Oyendetsera Dziko la Malawi limanena kuti ana onse ndi ofanana pamaso pa lamulo mosayang'ana mmene adabadwira. Mu 2010 dziko la Malawi lidakhazikitsa lamulo losamalira ndi kuteteza ana, ndipo Tanzania idakhazikitsa lake mu 2009. Maiko onse awiri adavomereza pangano la bungwe la United Nations la mu 1989 lokhudza ufulu wa ana, limene mfundo yake yaikulu ndi yakuti pa chilichonse chokhudza mwana, ubwino wa mwanayo uyenera kuganiziridwa poyamba. Choncho kuwoloka Songwe sikumasula munthu pa udindowu. Komabe lamulo limafika pakhomo zinthu zitaipa kale. Silingaone mbale imene yachepa kapena mawu olasa amene anenedwa bambo atachoka. Mlonda weniweni wa mwana womupeza ndi chikumbumtima cha amene akukhala naye.

Nkhaniyi imavuta kwambiri pamene mwanayo ndiye akukana. Mkazi akhoza kuchita zonse moyenera, koma tsiku lina mwana n'kumuyankha kuti, "Inu si mayi anga." Mawuwa amapweteka, makamaka kwa munthu amene ali kutali ndi kwawo ndipo alibe womudandaulira. Koma mwanayo sakunama, ndipo sakuchita chipongwe chabe. Iye akuteteza malo a mayi ake omwalira, poopa kuti akakonda wina ndiye kuti wawaiwala. Mwambi umati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mkazi wanzeru salimbana ndi manda. Sakakamiza mwana kumutchula dzina limene mtima wake sunakonzeke kutchula, sabisa zithunzi za malemu, ndipo saletsa mwana kukacheza kwa agogo ake akuchikazi. Iye amadzipezera malo akeake m'moyo wa mwanayo, malo a munthu wamkulu wodalirika, ndipo amalola nthawi kugwira ntchito yake. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa anthu awiriwa, wamkulu ndiye ayenera kuyamba kupirira, chifukwa ndiye ali ndi nzeru zomvetsa zimene zikuchitika, ndiponso ndiye adasankha.

Mbiri ili ndi umboni wakuti kupirira kotere kumabala zipatso. Abraham Lincoln, amene adadzakhala pulezidenti wa dziko la America, adataya mayi ake mu 1818 ali ndi zaka 9. Chaka chotsatira bambo ake adakwatira mkazi wamasiye, Sarah Bush Johnston, amene adasamuka ku Kentucky kupita ku Indiana ndi ana ake atatu. Mayiyu adalera ana a mbali zonse mofanana ndipo adalimbikitsa Abraham kuwerenga mabuku. Lincoln atakula ankamulemekeza ngati mayi ake enieni, ndipo adapita kukamutsanzika asanapite kukayamba ntchito ya upulezidenti mu 1861. Achewa adanena kale zomwezi m'mwambi wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Komabe phindu la m'tsogolo si chifukwa chenicheni chochitira mwana zabwino. Ana ambiri opezedwa sadzakhala apulezidenti, ndipo ena sadzathokoza n'komwe. Mwana ayenera kusamalidwa chifukwa ndi munthu, ndiponso chifukwa sangathe kudzisamala yekha.

Kungakhale kulakwa kusenzetsa wobwerayo katundu yense. Kholo la mwanayo lili ndi udindo woposa wa wina aliyense, chifukwa ndilo lokha limene lili pachibale ndi onse awiri. Bambo amene amabisa kuti ali ndi mwana mpaka mkazi atawoloka malire wachita chinyengo chachikulu, pakuti wamulanda ufulu wosankha akudziwa zoona. Bambo amene amakwatira pongofuna wolera mwana wake wasandutsa mkazi wantchito wosalipidwa. Ndipo amene amati nkhani za kukhitchini si zake, n'kusiya mlendo ndi mwana wamasiye kuti athane okha, wathawa ntchito imene ili yake. Iye ayenera kutsimikizira mwana kuti malo ake sadalandidwe, ndi kutsimikizira mkazi, pamaso pa abale ake onse, kuti ndi mayi wa pakhomo wopatsidwa ulemu. Ayeneranso kukonza nkhani ya chuma akali moyo, mwa kulemba wilo kapena kuitana akuluakulu a banja, kuti mkazi asamaone mwana woyamba ngati mdani wa ana ake. Abale a mwamuna nawo, makamaka azakhali a mwana, angathe kumanga kapena kupasula. Akamanong'oneza mwana kuti mlendoyo adzamudyetsa zoipa, ndiwo asanduka kapasule weniweni amene ankhoswe amanena.

Zonsezi zikukhudzanso amuna. Alipo anyamata a ku Karonga amene amakwatira ku Mbeya, ku Johannesburg kapena ku Ulaya, n'kupeza mkazi ali ndi ana. Ena amatero chifukwa cha chikondi, koma ena amangofuna zikalata zokhalira m'dzikolo. Munthu wotere amalola mwana kuti amuzolowere ndi kuyamba kumutchula bambo, kenaka zikalata zikatuluka iye n'kuzimirira, mwanayo n'kutaya kholo kachiwiri. Choipitsitsa n'chakuti mabwalo amilandu amaweruza milandu ya abambo amene amagwirira ana aakazi owapeza. Mwamuna amene walowa m'nyumba ya mwana wapatsidwa mphamvu pa munthu wofooka, ndipo umunthu wake umayesedwa ndi mmene akugwiritsira ntchito mphamvuzo pamene palibe womuona.

Pali mwana winanso amene amaiwalika kawirikawiri. Nthawi zina wosamukayo ndiye ali ndi mwana, ndipo amamusiya ndi agogo kumudzi poopa kuti kubanja latsopanolo sakalandiridwa. Kale anthu ankadandaula za matchona, amuna amene adapita ku migodi n'kuiwala kwawo. Kholo limene likulera bwino mwana womupeza kutsidya, koma laleka kutumiza thandizo ndi kukaona wake amene lidamusiya ku Kaporo, nalonso latchona. Chilungamo chimene chikufunika kwa mwana wa kutsidya chikufunikanso kwa mwana wa kuno.

Nanga wachinyamata amene wapezeka pa mphambano yotere achite chiyani? Safunsa adadya phula. Asanavomere, ayenera kukaona mwanayo ndi kukhala naye nthawi yokwanira, osati kungomva za iye pafoni. Ayenera kudziwa ngati kholo linalo lili moyo, ndi malo amene lili nawo pa mwanayo. Ayenera kufunsa za malamulo a dzikolo, kulembetsa ukwati wake ku boma, ndi kusunga zikalata zake m'manja mwake. Koposa zonse, ayenera kudzifunsa moona mtima ngati angathe kuchitira chilungamo mwanayo ngakhale pa tsiku limene wayambana ndi kholo lake, ngakhale atabereka ana akeake, ngakhale mwanayo atapanda kumukonda. Akaona kuti sangathe, kukana ukwatiwo si tchimo kapena mantha. Kuli bwino kukhumudwitsa munthu wamkulu lero kusiyana ndi kuzunza mwana kwa zaka khumi.

Pomaliza, kusamukira kunja kukakwatirana ndi munthu amene ali ndi mwana si chinthu choipa, ndipo mabanja ambiri otere akhala pothawirapo ana amene adataya kholo. Koma amene akuwoloka mlatho wa Songwe ndi cholinga chimenechi adziwe kuti akupereka malonjezo awiri. Loyamba amalinena pakamwa, pamaso pa ankhoswe ndi mboni, kwa munthu amene adamusankha. Lachiwiri salinena, ndipo palibe amene amamufunsa, koma limamangidwa pa nthawi imene walowa pakhomo n'kupeza mwana ataima pafupi ndi chitseko. Lonjezo lachiwirili ndilo lolemera, chifukwa mwini wake alibe nkhoswe yomuyankhulira ndipo alibe kwina kopita. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Munthu amene wavomera kholo avomerenso mwana, ndipo akatero m'nyumbamo simukhalanso wachitatu.